Kufinya kanema wa makamera achitetezo: zomwe zimatayidwa kuti disiki isadzaze

Kamera yachitetezo ya 1080p imatulutsa chithunzi cha timadontho 2,073,600, kutanthauza 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Kadontho kalikonse kamafuna mabiti 12, choncho chithunzi chimodzi chosafinyidwa chimalemera pafupifupi 3 MB. Ikamajambula zithunzi 25 pa sekondi, pa sekondi iliyonse pamatuluka mamegabiti oposa 620, ndipo pakutha pa maola 24 pamakhala patawunjikana pafupifupi 6.7 TB. Disiki ya 8 TB ingadzaze tsiku lachiwiri lisanafike pakati, ndipo apa tikunena kamera imodzi yokha.

Komatu kamera yomweyo ikakhala pakhoma imatumiza 2 kapena 4 Mbps (mamegabiti pa sekondi) basi. Zimene zikufika pa disiki ndi gawo limodzi mwa magawo 150 kapena 300 a zimene diso la kamera linaona. Zotsalazo sizinabisidwe penapake kuti zidzatulutsidwe tsiku la mlandu ayi. Zina zinali zongobwerezabwereza, moti kuzisiya sikuluza kanthu, koma zina zinatayidwa ndithu, ndipo palibe pulogalamu imene ingazibweze.

Njira zonse zofinyira kanema zimadalira chinthu chimodzi: malo amene kamera ikuyang'ana nthawi zambiri sasintha. Vuto n'lakuti mphindi imene mwini kamera adzaifune ndi imene zinthu zasintha. Munthu akuthamanga, kunja kwada, mvula ikugwa, nyali za galimoto zikuthobwa m'maso. Pa nthawi imeneyo ndi pamene codec, njira imene kamera imafinyira kanema, imapanikizika kwambiri, ndipo ngati inakonzedwa pongowerengera masiku amene disiki isunge, imataya nkhope ya munthu kuti isapyole malire amene inapatsidwa.

Chimatayidwa n'chiyani, ndipo chimatayidwa bwanji

Choyamba kuchepetsedwa ndi mtundu. Diso la munthu limasiyanitsa kuwala ndi mdima bwino kuposa mmene limasiyanitsira mitundu, ndiye makina amasunga kuwala kwa kadontho kalikonse koma mtundu amasunga umodzi pa timadontho tinayi. Zimenezi zimalembedwa kuti 4:2:0, ndipo n'kumene kwachokera mabiti 12 aja m'malo mwa 24. N'chifukwa chake zilembo zofiira pa malaya a buluu zimavuta kuwerenga pa kanema kuposa zakuda pa malaya oyera.

Kenako chithunzi chimadulidwa m'timabokosi. JPEG, H.264 ndi H.265 ndi mayina a njira zofinyira. JPEG imadula timabokosi ta timadontho 8 kwa 8. H.264 imayambira pa 16 kwa 16 n'kumatigawanso mpaka 4 kwa 4 pamene pali zambiri zoti zioneke, pomwe H.265 imatha kutenga bokosi lalikulu la 64 kwa 64 pamalo osalala ngati khoma kapena thambo. Masamu otchedwa DCT amasandutsa kabokosi kalikonse kukhala mndandanda wa manambala. Oyambirira amafotokoza maonekedwe akuluakulu, omalizira amafotokoza tinthu ting'onoting'ono monga makwinya a nkhope, ulusi wa nsalu ndi m'mphepete mwa manambala a galimoto. Kutaya kwenikweni kumachitika pa sitepe yotsatira, pomwe manambala onsewa amagawidwa ndi nambala ina, zotsalira n'kutayidwa. Ang'onoang'ono amasanduka ziro, ndipo ziro wambiri wondondozana amalembedwa m'malo ochepa kwambiri.

Kukula kwa nambala yogawirayo kumalamulidwa ndi QP, imene mu H.264 imayambira pa 0 kufika pa 51. QP ikakwera ndi 6, nambala yogawira imawirikiza kawiri. Pa menyu ya makamera ambiri simudzaona QP, mudzangoona mawu akuti Quality kapena Compression, koma chimene mukusuntha ndi chomwecho. QP ikakwera kwambiri nkhope imasalala ngati yopakidwa, udzu umasanduka chibanthu chobiriwira, ndipo malire a timabokosi tija amayamba kuonekera.

Phindu lalikulu komabe limachokera pakati pa fulemu, kutanthauza chithunzi chimodzi cha m'kanema, ndi fulemu inzake. Taganizirani mlonda amene akulemba buku la zochitika. Pa tsamba loyamba akulemba zonse: geti lotseka, magalimoto atatu, nyali yoyaka. Pa mizere yotsatira akungolemba zimene zasintha, monga zakuti galimoto yapakati yasuntha pang'ono, zina zonse zili chimodzimodzi. Bukulo silidzaza msanga, koma tsamba loyambalo likang'ambika, mizere inayo ilibenso tanthauzo. Tsamba loyambalo ndi I-frame, chithunzi chathunthu choima pachokha. Mizere yotsatirayo ndi ma P-frame, amene amangonena kuti kabokosi aka katengeni pa fulemu yapitayi, kasuntheni timadontho tingapo kumanzere, kenako muwonjezere kusiyana kochepa uku. Kabokosi kamene makina aweruza kuti sikanasinthe kamangodumphidwa, moti pamalopo pamabwerezedwa zakale. Palinso ma B-frame amene amayang'ana kumbuyo ndi kutsogolo komwe, koma makamera ambiri achitetezo sawagwiritsa ntchito chifukwa kudikira fulemu yakutsogolo kumachedwetsa kanema amene munthu akuonera nthawi yomweyo. Gulu lonse kuyambira pa I-frame imodzi kufika pa yotsatira limatchedwa GOP.

Sitepe yomaliza siitaya kanthu, imangolongedza manambala mothinana. H.264 ili ndi njira ziwiri, CAVLC ndi CABAC. Yachiwiriyi imalongedza bwino kuposa inzake, ndipo pa milingo ya H.264 yotchedwa profile imapezeka mu Main profile ndi High profile koma mu Baseline mulibe. Ngati kamera ndi makina ojambulira zonse zikulola High profile, palibe chifukwa chokhalira pa Baseline.

Mayina amene mudzawaone pa menyu

MJPEG ndi njira yosavuta kumvetsa: fulemu iliyonse ndi chithunzi cha JPEG chathunthu, chosadalira chinzake. Fulemu imodzi ikatayika panjira, zotsatira zake siziwonongeka, ndipo kompyuta siivutika kuitsegula. Koma mtolo wake ndi wolemera. Ngati chithunzi chilichonse chikulemera 200 KB, pa zithunzi 25 pa sekondi ndi 40 Mbps, kuwirikiza kakhumi zimene H.264 ingafune pamalo omwewo. Masiku ano MJPEG yatsalira pa tizithunzi tating'ono toonera mwachangu ndi pa mapulogalamu ena amene amafuna chithunzi chimodzichimodzi.

MPEG-4 Part 2, imene inatuluka mu 1999, ndi imene inali m'makina akale osungira kanema otchedwa DVR. H.264 inabwera mu 2003, itakonzedwa limodzi ndi akatswiri a ITU-T ndi a MPEG, n'chifukwa chake ili ndi mayina angapo: H.264, AVC ndi MPEG-4 Part 10. Apa anthu ambiri amasokonezeka. Menyu yakale ikalemba MPEG-4 yokha imatanthauza Part 2 ija, osati H.264. Ndipo fayilo yothera ndi .mp4 ndi chotengera chabe, mkati mwake mukhoza kukhala H.264 kapena H.265. N'chifukwa chake mafayilo awiri a .mp4 ochokera pa makina amodzi, ina imatseguka pa kompyuta yakale ina n'kukana.

H.265, yotchedwanso HEVC, inavomerezedwa mu 2013 ndi cholinga chopereka chithunzi chofanana ndi cha H.264 pa theka la bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa mabiti otumizidwa pa sekondi. Kuwonjezera pa mabokosi akuluakulu aja, ili ndi njira 35 zolosera zimene zili m'kabokosi poyang'ana toyandikana nako, pomwe H.264 ili ndi 9 pa timabokosi tating'ono. Theka limenelo ndi cholinga cha amene anailemba, si lonjezo la kamera iliyonse. Phindu lake limaoneka bwino pa 4K ndi pamalo aakulu osasinthasintha, koma pa 1080p ndi kamera yotchipa limakhala lochepako. H.265 imafunanso mphamvu zambiri pofinya ndi potsegula, ndipo ziphaso zake zaumwini zinagawanika m'magulu angapo ofuna kulipidwa, zimene zinachedwetsa kuti ilowe m'mapulogalamu otsegulira intaneti.

AV1 inatulutsidwa mu 2018 ndi bungwe la Alliance for Open Media ngati njira yosalipiritsa chiphaso, koma inachedwa kulowa m'makamera achitetezo. H.266 inamalizidwa mu 2020, koma si imene mudzakumane nayo pa makamera ambiri amene ali pamakoma lero. Dziko la China lili ndi muyezo wakewake wa makamera achitetezo wotchedwa SVAC. Kwa amene akuika makamera, mpikisano weniweni ukadali pakati pa H.264 ndi H.265.

Pali mfundo imodzi imene ogulitsa sakonda kuitchula. Muyezo ngati H.265 umangolamula mmene kanema wofinyidwa ayenera kulembedwera ndi mmene ayenera kutsegulidwira. Sulamula mmene kamera iganizire pofinya, kaya ifufuze mozama bwanji komwe kabokosi kasunthira, kaya mabiti ambiri iwapereke kuti. Zimenezo ndi nzeru za wopanga kachipu ka m'kameramo. Makamera awiri olembedwa H.265, oyang'ana malo amodzi pa bitrate imodzi, akhoza kutulutsa zithunzi zosiyana kutalitali, ndipo si zachilendo kuona H.264 ya kamera yabwino ikuposa H.265 ya kamera wamba.

Za H.264+, H.265+ ndi anzawo

Hikvision ili ndi H.264+ ndi H.265+, Dahua ili ndi Smart Codec, Axis ili ndi Zipstream, Hanwha ili ndi WiseStream. Imeneyi si miyezo yatsopano. Kanema amene akutuluka akadali H.264 kapena H.265, chimene chasintha ndi kaganizidwe ka kamera pofinya. Ikaona kuti malo ali zii, imatalikitsa GOP, imakweza QP pa khoma ndi pansi n'kusiyira mabiti ambiri pa zimene zikuyenda, ndipo zina zimachepetsanso mafulemu pa sekondi mpaka chinachake chitasuntha.

M'khonde lopanda anthu usiku, njira zimenezi zimapulumutsa malo ambiri zedi. Pa geti lodzaza anthu masana phindu lake limachepa, chifukwa palibe choima choti chibwerezedwe. Manambala aakulu a phindu amene amalembedwa pa mabokosi amachokera ku malo a mtundu woyambawo. Choti musamale nacho n'chakuti GOP ikatalika kwambiri, makina ojambulira a kampani ina akhoza kuchedwa kuonetsa chithunzi kapena kudumpha poseweranso kanema, ndipo pa makamera ena mukangoyatsa njira imeneyi zosankha zina pa menyu zimatsekeka. Pa khomo lalikulu, pa kauntala ya ndalama ndi pa kamera yowerenga manambala a galimoto, ndi bwino kuizimitsa kapena kuiika pa mlingo wotsika. Pa malo oimika magalimoto ndi m'makonde, iyatseni.

Bitrate, ndi chifukwa chake usiku umadya disiki

Pali njira zitatu zolamulira kuchuluka kwa mabiti. CBR imasunga bitrate pa nambala imene mwaika, ndiye chimene chimasinthasintha ndi ubwino wa chithunzi. Kukakhala bata chithunzi chimakhala chabwino mopyola, mabiti n'kumangowonongeka, koma zinthu zikachuluka kamera imakweza QP kuti isapyole malire. VBR imasunga ubwino wa chithunzi n'kulola bitrate kukwera ndi kutsika, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti usiku umodzi wa mvula ukhoza kudya malo a masiku angapo. Yachitatu ndi VBR yokhala ndi denga, imene makampani ena amaitcha MBR. Imeneyi ndi yoyenera makamera ambiri, bola dengalo liikidwe potengera nthawi yovuta osati yabata. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: amaona kamera ikudya 1.5 Mbps masana opanda anthu, amaika denga pa 2 Mbps, kenako akudabwa kuti munthu wothamanga usiku waoneka ngati chithunzithunzi.

Munthu angaganize kuti mdima ndi wosavuta kufinya popeza mulibe zambiri zooneka. Zoona zake n'zosiyana. Kuwala kukachepa kamera imakweza gain, kutanthauza kukulitsa kuwala kochepa kumene yalandira, ndipo pachithunzi ponse pamadzaza timadontho tothwanima timene akatswiri amati noise. Timadontho timeneti timasintha fulemu iliyonse mopanda dongosolo, ndiye codec imaona ngati chithunzi chonse chikuyenda. Palibe kabokosi kamene kangadumphidwe. Bitrate ya usiku ikhoza kupitirira ya masana ngakhale palibe munthu amene wadutsa, ndipo munthu akadutsa amalimbirana mabiti ndi noise.

Makamera ali ndi njira yochepetsera noise yotchedwa 3D DNR, imene imaphatikiza mafulemu angapo otsatizana. Imathandiza kutsitsa bitrate, koma ikakwezedwa kwambiri munthu woyenda amasiya mzukwa kumbuyo kwake ndipo nthawi zina miyendo yake imazimiririka. Mankhwala enieni ndi kuwala. Nyali imodzi yoikidwa pabwino imatsitsa bitrate ndiponso kukonza chithunzi kuposa kusintha kulikonse kwa pa menyu.

Zinanso zimene zimadya mabiti mwakachetechete ndi masamba a mtengo ogwedezeka ndi mphepo, madzi, mbendera, mvula yowalitsidwa ndi nyali za infrared za kamerayo, tizilombo tozungulira nyalizo, ndi ukonde wa kangaude umene wamangidwa kutsogolo kwa galasi. Ukondewo masana suoneka, koma usiku umawala n'kumavina kutsogolo kwa chithunzi chonse, ndipo kuupukuta kokha kumatsitsa bitrate. Kamera yogwedezeka pa mzati wofooka imachitanso chimodzimodzi. Kamera yotha kutembenuka, yotchedwa PTZ, ikamatembenuka, kabokosi kalikonse kamasintha nthawi imodzi, choncho imafuna denga lokwera kuposa kamera yoima.

Musasokoneze kuwonongeka kochokera ku kufinya ndi kochokera ku shutter, imene imalamula nthawi imene kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse. Usiku kamera yosiyidwa kuti izidzisankhira imatsitsa shutter kufika pa 1/25 ya sekondi kapena kuchedwa kuposa apo kuti ipeze kuwala, ndipo nkhope ya munthu woyenda imakokeka isanafike n'komwe kwa codec. Kukweza bitrate sikungakonze zimenezo. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: ngati khoma likuoneka bwino koma munthu wakokeka mosalala motsatira kumene akulowera, vuto ndi shutter. Ngati pozungulira munthuyo pali timabokosi tosweka, vuto ndi bitrate. Pa nkhope za anthu oyenda yambani ndi 1/125 kapena 1/250, pa magalimoto 1/500 kapena kupitirira, ndipo dziwani kuti shutter yachangu imafuna kuwala kochuluka.

Kutalika kwa GOP

Pa menyu zimalembedwa I-frame interval, ndipo zimawerengedwa m'mafulemu osati m'masekondi. Nambala 50 pa mafulemu 25 pa sekondi ndi masekondi awiri. Mukatsitsa mafulemu kufika pa 10 n'kusiya 50 uja, GOP yasanduka ya masekondi asanu inu osadziwa.

GOP yaitali imapulumutsa malo chifukwa I-frame imalemera kuwirikiza kangapo P-frame. Koma zonse zimayambira pa I-frame. Munthu akatsegula kamera pa foni, amadikira I-frame yotsatira kuti chithunzi chibwere. Paketi imodzi, kachidutswa ka kanema wotumizidwa, ikatayika pa netiweki, kuwonongekako kumapatsirana kuchoka pa P-frame ina kupita pa ina, ndipo mumaona chithunzi chotuwa kapena chopakika mpaka I-frame yatsopano itafika. Makina amene amajambula pokhapokha china chake chikasuntha sangayambe kanema pakati pa GOP, choncho nthawi yosungiratu chochitika chisanayambe iyenera kukhala yotalika kuposa GOP. Apo ayi kanema amayamba munthu atalowa kale pakhomo. Kwa makamera ambiri, GOP ya sekondi imodzi kapena awiri ndi nthawi yosungiratu ya masekondi asanu zimagwira ntchito bwino.

Chizindikiro china chimene mungachione ndi chithunzi chimene chimachita ngati chikupuma, kuyera n'kuchita chimbuuzi pa masekondi awiri alionse. Kumeneko ndi kusiyana kwa I-frame ndi ma P-frame ake pamene bitrate yaperewera.

Kuwerengera disiki

Nambala yoti muiloweze pamtima ndi iyi: 1 Mbps yosalekeza imadya 10.8 GB pa tsiku. Kamera ya 4 Mbps imadya 43.2 GB. Makamera 16 otere pa masiku 30 amafuna 20,736 GB, pafupifupi 21 TB. Makamera omwewo atatsika kufika pa 2.5 Mbps pogwiritsa ntchito H.265, angafune pafupifupi 13 TB. Kumbukirani kuti disiki yolembedwa 8 TB makina amaionetsa ngati 7.28 chifukwa cha kusiyana kwa kawerengedwe, ndipo ndi nzeru kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu pa zimene mwapeza. Bitrate yoti muike m'masamuwa ikhale imene mwayeza pa maola 24 athunthu, usiku uli momwemo, osati ya pa pepala la wogulitsa.

Malo akaperewera, anthu amathamangira kutsitsa bitrate pa makamera onse mofanana. Ndi bwino kuyamba n'kuchepetsa mafulemu pamene sakufunika. Khonde ndi malo oimika magalimoto zimakwanira ndi mafulemu 10 mpaka 15 pa sekondi, pomwe pa kauntala ya ndalama, pamene manja amathamanga, pamafunika 25 kapena 30. Musayembekeze kuti kudula mafulemu ndi theka kudula bitrate ndi theka, chifukwa ma I-frame akadalipo ndipo P-frame iliyonse imalemerako popeza kusiyana pakati pa mafulemu kwakula.

Kuchuluka kwa timadontho nakonso kuli ndi msampha wake. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho 8,294,400, kuwirikiza kanayi cha 1080p. Mukachipatsa 4 Mbps yomwe ija, kadontho kalikonse kalandira gawo limodzi mwa magawo anayi a mabiti, ndipo munthu akayamba kuyenda chithunzicho chikhoza kuipa kuposa cha kamera yaing'ono. Muyezo wa IEC 62676-4 wa 2014 unapereka poyambira pabwino: timadontho 25 pa mita kuti muone kuti pali munthu, 62.5 kuti muone zimene akuchita, 125 kuti muzindikire munthu amene mukumudziwa kale, ndi 250 kuti mutsimikize nkhope ya mlendo. Kamera ya 1080p imafika pa 250 ikamayang'ana malo otambalala mamita 7.7 okha. Ikayang'ana mamita 30 yatsika kufika pa 64. Kufinya kumangochotsera pa nambala imeneyi, sikuwonjezera.

Panjira yochokera ku kamera

Kamera ya IP, yolumikizidwa pa netiweki, imafinya kanema mkati mwake n'kumutumiza kudzera mu njira yotchedwa RTSP, kawirikawiri pa port 554. Pa makamera a waya wa coaxial monga HD-TVI, HD-CVI ndi AHD, kufinya kumachitikira mu DVR, choncho kumeneko ubwino wa chosungidwa umadalira DVR. Ena mwa makinawa amaonetsa chithunzi chokongola pa sikirini koma n'kusunga chocheperako kapena cha mafulemu ochepa. Nthawi zonse weruzani poseweranso zimene zasungidwa, osati poonera zimene zikuchitika.

Kuti kamera ya kampani ina ilankhulane ndi NVR (makina osungira kanema wa makamera a IP) ya kampani ina pali ONVIF, bungwe limene linayambitsidwa mu 2008 ndi Axis, Bosch ndi Sony. Profile S yake ndi yakale, ndipo H.265 inalowa ndi Profile T mu 2018. Ngati mukufuna H.265 pakati pa zipangizo za makampani osiyana, fufuzani Profile T mbali zonse ziwiri.

NVR iliyonse ili ndi malire awiri osiyana: bitrate yonse imene ingalandire, ndi kuchuluka kwa kanema amene ingatsegule n'kuonetsa nthawi imodzi. Ikhoza kusunga makamera 16 bwinobwino koma n'kulephera kuonetsa onse pa chithunzi chachikulu. Ichi n'chifukwa chake kamera imatulutsa mitsinje iwiri, waukulu wosungidwa ndi waung'ono woonera pa timawindo tambiri ndi pa foni. Onetsetsani kuti wosungidwa ndi waukuluwo, chifukwa cholakwika chimenechi chimadziwika tsiku limene kanema wafunidwa. Mtsinje waung'ono mukhoza kuusiya pa H.264 ngakhale waukulu uli pa H.265, kuti mafoni ndi makompyuta akale asavutike.

Pa swichi, kabokosi kolumikiza makamera pa netiweki, masamu a avereji amanamiza. Makamera 16 a 4 Mbps ndi 64 Mbps, ndipo pa pepala zimakwanira pa waya wa 100 Mbps. Koma ma I-frame amabwera mwachigulugulu, ndipo a makamera angapo akakumana nthawi imodzi swichi yaing'ono imataya mapaketi. Waya wochoka pa swichi kupita ku NVR ukhale wa gigabit (1,000 Mbps). Kutumiza kudzera mu njira ya pa netiweki yotchedwa TCP m'malo mwa inzake ya UDP kumachititsa kuti paketi yotayika itumizidwenso, ngakhale kanema amachedwako pang'ono.

Potulutsa umboni

Kanema wabwino amawonongekanso pa sitepe yomaliza. Kujambula sikirini ndi foni, kusintha fayilo kukhala ya mtundu wina, kapena kuitumiza pa WhatsApp ngati kanema wamba, zonsezi zimafinyanso chinthu chofinyidwa kale, ndipo zimene zimatayika ulendo wachiwiriwu ndi tinthu tating'ono tomwe tija timene tinapulumuka ulendo woyamba. Tulutsani fayilo mmene makina anaisungira, pamodzi ndi pulogalamu yake yoseweretsera ngati ikufunika. Yambani mphindi zingapo chochitika chisanayambe ndipo mutsirize chitatha ndithu. Werengerani SHA-256 ya fayiloyo, nambala imene imasintha fayilo ikangosinthidwa, n'kuilemba, kuti aliyense adzathe kutsimikiza kuti sinasinthidwe, ndipo amene akufuna kudula kapena kuwalitsa chithunzi agwiritse ntchito kope. Lembaninso kusiyana kwa wotchi ya makinawo ndi nthawi yeniyeni, vuto limene limapeweka makamera onse akamatenga nthawi ku NTP, njira yolinganizira mawotchi pa netiweki.

Posankha chithunzi chimodzi cha nkhope, yendani fulemu ndi fulemu m'malo mongoimitsa paliponse. Mafulemu oyandikana sakhala ofanana ubwino, ndipo kawirikawiri I-frame kapena mafulemu amene munthu waima kaye ndi amene amaonetsa zambiri. Pa P-frame, mbali zina za chithunzi zikhoza kukhala zobwerezedwa kuchokera m'mbuyo, choncho kanthu kakang'ono ngati chipsera kapena chilembo chimodzi cha nambala ya galimoto kasadaliridwe ngati kakuoneka pa fulemu imodzi yokha.

Zonsezi zimayezeka kamera isanasiyidwe. Usiku, nyali zili mmene zimakhalira masiku onse, munthu mmodzi adutse pamalo amene mukufuna kuzindikira nkhope, koyamba akuyenda, kachiwiri akuthamanga, atanyamula pepala la zilembo zazikulu ngati za nambala ya galimoto. Tulutsani kanemayo pa USB n'kumutsegula pa kompyuta ina. Ngati zilembo zakokeka, fulumizitsani shutter ndi kuwonjezera kuwala. Ngati zasweka m'timabokosi, kwezani denga la bitrate ndi theka n'kuyesanso, ndipo ngati sizikusintha zimitsani H.265+ kapena inzake ija muone kusiyana. Zikayamba kuwerengeka, tsitsani bitrate pang'onopang'ono mpaka pamene zayamba kuvuta, kenako mubwerere sitepe imodzi m'mwamba. Nambala imeneyo ndi imene muichulukitse ndi 10.8 GB ndi masiku amene mukufuna kusunga pa kamera iliyonse, ndipo disiki igulidwe potengera yankho lake.